Mtima kuthamanga m'kombi: alipo anayesapo CBT?

NaPhiri_Mufakose
Abale anga a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene ndakhala ndikuibisa kuyambira chaka chatha. Ndili ndi zaka 38, ndimagulitsa matimati ndi anyezi, ndipo kawiri pa sabata ndinkapita kukaoda kumsika wa Mbare Musika kuno ku Harare. Tsiku lina mu Ogasiti ndili m'kombi, mpando wakumbuyo kwenikweni, magalimoto atathinana osayenda, mtima unangoyamba kuthamanga. Thukuta lili kamukamu, manja achita dzanzi, kupuma kobanika ngati wina wandikhalira pachifuwa. Ndinakuwa kuti anditsitse. Ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu ndili ndi chitsimikizo choti ndikufa, m'mutu muli ana anga awiri basi. Patapita kanthawi zinatha zokha.

Kuchokera apo zabweranso kambirimbiri. Kuchipatala anandiyeza BP, shuga, magazi, mpaka anandimata timawaya pachifuwa kuti aone mtima. Akuti zonse zili bwino. Nesi wina anandikokera pambali n'kundiuza kuti vuto langa ndi nkhawa, ndipo pali chithandizo chochita kukambirana chotchedwa CBT. Panopa kombi sindikweranso, ndimatuma mwana wa achemwali anga ndipo kaphindu kakuthera pomulipira. Kutchalitchi ndimakhala pafupi ndi khomo. Funso langa ndi lakuti, kuyankhula kungachiritse bwanji mtima umene ukuthamanga zenizeni? Alipo anayesapo? Musandiseke chonde.

MkuluWaKuTafara
Palibe wokusekani mayi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, inu mwachita bwino kutuluka. Langizo langa ndi loti muwauze amayi a kumpingo kwanu abwere adzapemphere nanu. Mtendere wa mumtima amapereka ndi Mulungu.

Jekete_Dzivaresekwa
Achemwali, pamsika anthu sakondwa mnzawo akamatukuka. Zinthu zoti madokotala sakuziona koma inu mukuzimva, ganizani kawiri. Funsani akuluakulu a kwanu.

Sisita_waMabvuku
Achimwene a Jekete, munthu ali kale ndi mantha, inu mukumuonjezera ena. Mawa ayambe kukayikira mnzake wogulitsa naye pafupi? Zimene afotokozazi ndimaziona sabata iliyonse pantchito. Dzina lake pa Chingerezi ndi panic attack, ndipo zimagwira abusa, asilikali, aphunzitsi, aliyense.

Jekete_Dzivaresekwa
Ine ndangonena zimene ndinaona kwa azakhali anga. Sindinatchule munthu.

Mphunzitsi_Highfield
Mayi NaPhiri, ine ndinadutsamo, ndiye ndilemba zambiri, mupirire nane. Zanga zinkandigwira m'kalasi, ndili kutsogolo kwa ana, choko chili m'manja. Ndinapita kwa katswiri wa zamaganizo maulendo 12, kamodzi pa sabata, ulendo uliwonse pafupifupi ola limodzi.

Tsiku loyamba ndinkayesa andifunsa za ubwana wanga. Iwo anatenga pepala n'kujambula mzere wozungulira. Pamwamba analemba kuti "mtima wagunda". Kutsogolo kwake analemba ganizo limene limandibwerera nthawi yomweyo, loti "ndikufa". Ganizolo limabala mantha. Mantha akabwera thupi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga kuposa poyamba, kupuma kumafulumira. Ukamapuma mothamanga choncho umataya mpweya wa carbon dioxide wambiri, ndipo n'kumene kumachokera dzanzi la m'manja ndi m'milomo, ndi chizungulire. Ukamva dzanzilo umati "si izi, sitiroko yayamba", mantha aja n'kukwereranso. Zimangozungulira pomwepo. Anandiuza kuti thupi langa likuchita zimene limayenera kuchita ndikakumana ndi njoka panjira, kungoti njokayo palibe. Ndiye funso lanu lija yankho lake ndi ili: mtima ukuthamangadi, simukunama, koma chimene chikuukankha ndi tanthauzo limene mwapereka ku kugunda koyambako. Tanthauzo ndiye limasintha pokambirana ndi poyesera.

Chachiwiri chinandiwawa kumva. Anati chimene chikusunga vutoli ndi kuthawa kwanga. Inu mukatsika kombi mtima n'kukhala pansi, mutu umaphunzira kuti "ndapulumuka chifukwa ndatsika". Simupeza mpata woona kuti mukanakhalabe, manthawo akanakwera n'kutsika okha, chifukwa kawirikawiri amafika pachimake mkati mwa mphindi 10. Kukhala pafupi ndi khomo m'tchalitchi ndi kuthawa komweko, kwakung'ono. Ine ndinkayenda ndi botolo la madzi ndi maswiti m'thumba, ndikukhulupirira kuti ndi zimene zikundisunga.

Ndiye homuweki. Ndinagula kope la ana asukulu. Zikandigwira ndinkalemba kumene ndinali, chimene ndinaganiza, kukula kwa mantha kuyambira 0 mpaka 10, kenako umboni woti ganizolo ndi loona ndi umboni woti si loona. Nditafika tsamba lachisanu ndinaona ndekha kuti "ndafa" maulendo oposa 20 koma ndine ndikulemba. Kenako muofesi mwawo anandiuza ndithamange pamalo amodzi mpaka mtima ugunde, kuti ndizolowere kuumva osauopa. Kenako tinakonza makwerero, kuyambira chinthu chimene ndinkachiopa pang'ono mpaka chimene ndinkachiopa kwambiri, kumene kunali kuyankhula pamsonkhano wa makolo wopanda botolo lija.

Sindinganene kuti zinatheratu. Mwezi watha mtima unathamanga ndili pamzere kubanki. Ndinaima pomwepo, ndinaudikira, unatsika, ndinatenga ndalama zanga.

NaPhiri_Mufakose
Aphunzitsi, ndawerenga kawiri, misozi ili m'maso. Botolo la madzi lija inenso ndili nalo. Koma zoti ndikwerenso kombi dala, pongoganiza pokha manja ayamba kale thukuta.

Mphunzitsi_Highfield
Simuyambira kukwera mpaka ku Mbare ayi. Gawo loyamba likhoza kukhala kungoima pasiteji n'kumaona makombi akudzaza. Mawa lake chimodzimodzi, mpaka mantha atsike. Kenako mukwera masiteji awiri ndi munthu amene mumamudalira, kenako nokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sisita_waMabvuku
Ndionjezere chenjezo, popeza pano akuwerenga ambiri. Mayi NaPhiri anayamba ayezetsa, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyezo, magazi akachepa m'thupi, shuga akatsika, kapena mtima weniweniwo ukakhala ndi vuto, zizindikiro zimafanana ndi za nkhawa. Ngakhale tiyi wambiri, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija anyamata amakonda zimathamangitsa mtima. Ngati chifuwa chikupweteka mpaka kudzanja kapena kunsagwada, ngati mwakomoka, ngati mbali imodzi ya thupi yafooka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, musayambe kulemba m'kope. Ndipo zothamanga pamalo amodzi zija aphunzitsi anachita pamaso pa katswiri. Wa mphumu, wa matenda a mtima, kapena woyembekezera asaziyese yekha.

BamboAChisomo
Ine zimenezi ndili nazo chikayiko. Nkhawa yanga ili ndi dzina: lendi pa 1, fizi ya ana atatu, amayi akudwala ku Dedza ndipo aliyense kumudzi akuyesa kuti ku Harare ndalama timachita kutola. Ndimadzuka 2 koloko usiku n'kumawerengera mpaka kucha. Tsono munthu andikhazike pansi andiuze kuti maganizo anga ndi olakwika? Cholakwika ndi thumba. Mu 2008 ndinaona ndalama zimene ndinasunga zaka zambiri zikusanduka mapepala. Wina adzandiuze kuti kuopa mawa ndi matenda? Zimenezi ndi za anthu okhuta a ku Borrowdale.

Jekete_Dzivaresekwa
Apa ndiye mwalasa, bambo.

AbitiWaEpworth
Bambo a Chisomo, ine sindine wokhuta. Ndimachapa zovala za anthu m'mayadi. Amuna anga atamwalira ndinafika poti nsima sinkapita, tulo osabwera, mwana akalira ndinkamukalipira kenako ine n'kumalira. Kukiliniki anandifunsa mafunso 14 a m'Chishona, za tulo, za kulira, za kuganiza kwambiri, ndipo anandiuza ndikakhale pabenchi panja ndi agogo ena. Ndi Friendship Bench imeneyo. Sindinalipire kalikonse.

Agogowo sanandiuze kuti maganizo anga ndi olakwika. Anandisiya ndiyankhule mpaka ndinatopa. Kenako anati titchule mavuto onse limodzilimodzi, ndipo anakwana asanu ndi awiri. Anati sankhani limodzi lokha loti tiyambe nalo. Ine ndinkayesa ndisankha lendi, koma pakamwa panatuluka nkhani ya setifiketi yakubadwa ya mwana wanga, imene inkandidya usiku chifukwa kusukulu ankaifunsa. Tinakambirana njira zonse, ndani angandiperekeze, tsiku liti, ndalama yokwerera ichokera kuti. Sabata yotsatira anandifunsa ngati ndinapita. Lendi sinathe, mpaka lero ndimavutika nayo. Koma mavuto asanu ndi awiri akakhala mtolo umodzi pamutu sungathe n'kudzuka komwe. Ukawamasula umanyamula nkhuni imodzi.

BamboAChisomo
Pepani ndi maliro mayi. Zanuzo ndazimva. Koma mwanena nokha kuti lendi ikadalipo.

Mphunzitsi_Highfield
Ikadalipo, ndipo katswiri wabwino sangakuuzeni kuti lendi ndi maloto. Chimene ndinaphunzira n'kusiyanitsa nkhawa ziwiri. Ina ili ndi chochita: "lendi yatsala madola akutiakuti, mawa ndikakambirana ndi eni nyumba". Ina ilibe chochita, ndi ya "nanga bwanji": nanga bwanji akandichotsa ntchito, nanga bwanji amayi akamwalira ndilibe ya basi, nanga bwanji ndalama ikagwanso. Imeneyi ndi imene imakudzutsani 2 koloko, ndipo mukawerengera mpaka kucha simupeza senti ndi imodzi yomwe, mumangopita kuntchito mutatopa. Ine anandiphunzitsa kuipatsa nthawi yake, mphindi 20 madzulo dzuwa lisanalowe, nditakhala pampando ndi pepala. Ikabwera usiku ndimailemba mzere umodzi n'kuisungira nthawi yakeyo. Masiku oyamba zinkakanika. Patapita milungu ingapo ndinayamba kugona.

MwanaWaSukulu_MtPleasant
Makolo anga, mundilole mwana ndiikepo zimene taphunzira. CBT ndi chidule cha cognitive behavioural therapy, kutanthauza chithandizo chogwira maganizo ndi zochita pamodzi. Anaiyambitsa ndi dokotala wa matenda a maganizo Aaron Beck m'zaka za m'ma 1960 ku University of Pennsylvania, mumzinda wa Philadelphia. Iye anaona kuti odwala ake okhumudwa anali ndi timaganizo tobwera tokha mwachangu, monga "ndine wolephera", ndipo ankatikhulupirira osatifufuza. Anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 100. Albert Ellis naye anali atayamba zofanana nazo m'ma 1950.

Za bambo a Chisomo zoti ndi za ku Borrowdale, benchi imene mayi a ku Epworth akunenayo inayambira ku Mbare mu 2006. Anaiyambitsa ndi Dixon Chibanda, dokotala wa konkuno, patangotha Murambatsvina ya 2005, ntchito ya boma yogwetsa nyumba imene inasiya anthu ambiri opanda pokhala. Iye anaphunzitsa agogo amene ankagwira kale ntchito za umoyo m'madera. Njira yawo ndi yothandiza munthu kuthetsa mavuto gawo ndi gawo, yochokera m'banja lomwelo la CBT, ndipo amakumana mpaka maulendo 6. Magawo ake ali ndi mayina a Chishona: kuvhura pfungwa (kutsegula maganizo), kusimudzira (kukweza), kusimbisa (kulimbikitsa). Kafukufuku wake anachitika m'makiliniki 24 a mu Harare ndi anthu 573, ndipo anasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Patatha miyezi 6, mwa anthu 100 alionse amene anakhala pabenchi, pafupifupi 12 ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za nkhawa, pamene mwa amene analandira chisamaliro cha nthawi zonse anali pafupifupi 48.

Koma ndinene chilungamo kwa mayi NaPhiri: benchi ndi CBT ya panic sizofanana ndendende. Zimene aphunzitsi afotokoza, zozolowera kugunda kwa mtima ndi kubwerera m'kombi pang'onopang'ono, ndi zimene zimagwira vuto lanulo mwachindunji. Benchi ndi poyambira pabwino ndipo ndi yaulere, koma mukafunse ngati angakutumizeni kwa katswiri.

GogoWaMbare
Zidzukulu, walemba apa ndi mdzukulu wanga, ine ndikungomuuza. Ndinabwera kuno ndili mtsikana, amuna anga ankagwira ntchito ya m'khitchini kwa azungu. Chishona ndimachidziwa, ndimagula nacho, ndimakangana nacho. Koma zowawa za mumtima zimatuluka m'Chinyanja. Iwo amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri, n'chimodzimodzi, koma ukafika poti ufotokoze za amayi ako amene sunawaike m'manda chifukwa uthenga unafika mochedwa, lilime limabwerera kwanu. Kodi alipo amene amathandiza anthu m'chiyankhulo chathu?

AbitiWaEpworth
Agogo, amene anandithandiza ine anali Mshona, koma nditayamba kulira ndinangosinthira ku Chichewa osadziwa. Sanandidule. Nditamaliza anati ndibwereze m'Chishona zimene ndikufuna kuti amve. Komanso ku Mbare, ku Mabvuku ndi kwathu kuno ana a Amalawi ndi ambiri, mukafunsa mukhoza kupeza womva.

Chimwene_waKuNorton
Nkhani ya agogoyi yandikumbutsa bambo anga. Anabadwira pafamu konkuno, Malawi sanamupondepo, koma chitupa chawo chinali ndi chizindikiro cha mlendo. Moyo wawo wonse akaona wapolisi ankasintha njira ngakhale alibe mlandu. Malamulo a dziko a 2013 anatsegula njira yoti obadwira kuno kwa makolo a m'maiko a SADC akhale nzika, koma iwo mantha aja anapita nawo kumanda. Nkhawa yathu ina ndi yotengera, timayamwira.

Jekete_Dzivaresekwa
Alipo akudziwa zimene zimafunika posintha chitupa chotere? Mlamu wanga akufuna.

MkuluWaKuTafara
Mundilembere kumbali, ndinaperekezapo anthu a kumpingo kwathu.

BamboAChisomo
Ndipo mpaka lero ena akakwiya amatitchulabe mabhurandaya, dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi, ngakhale mwana wobadwira kuchipatala cha Gomo konkuno.

WoyendetsaGulu
Abale, za zitupa titsegule nkhani yakeyake, ndi yofunika. Pano tibwerere kwa mayi NaPhiri.

MayiWaAtatu_Kuwadzana
Ine ndinene zosiyana, kuti mayi asapite ndi chiyembekezo chopyola. Ndinayesa CBT kwa katswiri wolipira, ndinasiya pa ulendo wachinayi. Choyamba ndalama, amalipiritsa madola ulendo uliwonse. Chachiwiri, ndinkaona ngati ndabwerera kusukulu. Ndafika ndi mtima wolemera chifukwa cha zimene zikuchitika m'banja mwanga, iwo akufunsa ngati ndadzaza fomu. Ndinkafuna munthu wondimvera, ndinapeza wondichongera homuweki. Chimene chinandithandiza ndi mankhwala amene dokotala anandilembera, ndi mlongo wanga amene ankandiimbira foni tsiku lililonse.

Mphunzitsi_Highfield
Pepani mayi. Koma maulendo anayi ndi ochepa kuti muweruze. Ine kusintha ndinayamba kukuona cha pa ulendo wachisanu ndi chimodzi.

MayiWaAtatu_Kuwadzana
Aphunzitsi, inu homuweki ndi ntchito yanu. Ine ndimadzuka 4 koloko kukatunga madzi kumjigo, ndikabwera ndiphike, ndikonzekeretse ana. Kopelo ndilemba nthawi yanji? Musamaone ngati amene zinamukanika ndi waulesi.

Mphunzitsi_Highfield
Mwandikonza, ndipo ndavomera. Sindinafune kunena kuti ndinu aulesi. Pepani.

Sisita_waMabvuku
Mayi a ku Kuwadzana akunena zoona zimene ife a zaumoyo sitikonda kumva. CBT sithandiza aliyense, ndipo zambiri zimadalira ngati mwagwirizana ndi amene akukuthandizaniyo. Wodziwa ntchito amayamba wamvetsera, ndipo homuweki amaisintha kuti igwirizane ndi moyo wanu. Wosadziwa kulemba akhoza kujambula mawu pafoni, kapena kungosunga chinthu chimodzi m'mutu choti akayese sabata imeneyo. Komanso ngati m'nyumba muli nkhanza, mantha amenewo ndi oona, ndipo choyamba ndi chitetezo chanu.

Za mankhwala: alipo monga fluoxetine amene amathandiza nkhawa, koma amatenga milungu ingapo asanayambe kugwira, ndipo masiku oyamba ena amamva ngati zikuonjezeka. Ambiri amasiyira pamenepo. Musasiye nokha, bwererani kwa amene anakulemberani. Amene ndimawaopa ndi diazepam wogula mwamseri. Amakhazika mtima pansi msangamsanga, n'chifukwa chake anthu amamukonda, koma thupi limamuzolowera, limafuna wambiri, ndipo kumusiya mwadzidzidzi n'koopsa. Amasokonezanso maphunziro a CBT aja, chifukwa mukakwera kombi mutameza piritsi, mutu umati lakupulumutsani ndi piritsilo.

Dalaivala_waTete
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndimayendetsa thiraki, Harare, Nyamapanda, Tete, Mwanza mpaka Blantyre. Zaka zitatu zapitazo ndinafika pangozi itangochitika kumene, ndinathandiza kutulutsa anthu, mmodzi anali mwana. Kuyambira apo ndikayandikira malo amenewo manja amanjenjemera pa chiwongolero. Usiku ndimalota. Ndikafika kunyumba ndimayamba ndamwa kuti ndigone, ndipo mabotolo akuchuluka. Akazi anga akuti ndasanduka munthu wina. Sindinauzepo mwamuna mnzanga aliyense. Kodi izinso ndi za CBT?

MkuluWaKuTafara
Achimwene, mwalimba mtima. Tikukupemphererani.

Sisita_waMabvuku
Bambo, zikomo potiuza. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi zimene zimatsalira munthu akaona zoopsa, zimene timati PTSD, koma woti atsimikize ndi amene angakuoneni maso ndi maso. Ilipo CBT yokonzedwera zimenezi. Mumafotokoza za tsikulo pang'onopang'ono, mobwereza, pamalo otetezeka, mpaka mutu uvomereze kuti zinachitika kale ndipo sizikuchitikanso lero. Amafufuzanso maganizo amene anakakamira, monga oti "ndikanafika msanga mwanayo akanakhala moyo". Musakazichite nokha, zimafuna wophunzira. Za mowa mukanene zonse osabisa. Umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku, ndipo m'mawa nkhawa imadzuka yokulirapo. Ngati mwafika pomwa tsiku lililonse, musasiye mwadzidzidzi popanda kuonana ndi achipatala. Inu muli ndi thiraki m'manja, musachedwe.

Ndipo kwa aliyense pano: ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kuchipatala. Kuchipatala cha Parirenyatwa kuli mbali ya matenda a maganizo yotchedwa Annexe, ku Sally Mugabe Central Hospital kulinso mbali ya matenda a maganizo. Kupita kumeneko sikutanthauza misala.

Dalaivala_waTete
Ganizo la mwana lija ndi lomwelo ndendende. Mwadziwa bwanji, sisita? Ndikabwerako ulendo uno ndipita. Ndawaonetsa akazi anga zimene mwalemba.

BamboAChisomo
Achimwene a Dalaivala, ndine ndinayamba ndi kutsutsa, koma zanuzi zandikhudza. Inenso botolo ndimalidziwa. Mukafuna woperekeza, ndimakhala ku Glen View, ndilembereni.

Jekete_Dzivaresekwa
Tsono mapemphero ndi za makolo tizitaye?

MkuluWaKuTafara
Ndiyankhe ndine, popeza ndine ndinayamba za mapemphero. Ndawerenga zonse. Mwana akathyoka mwendo timapemphera tili panjira yopita kuchipatala. Chimene ndaphunzira lero n'chakuti ife akulu a mpingo timalakwa tikamauza munthu kuti nkhawa yake ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Munthu amachoka ndi katundu wawiri, mantha ndi manyazi. Ine ndinauzapo mtsikana wina mawu amenewo, ndipo anasiya kubwera. Ndikamufunafuna.

NaPhiri_Mufakose
Abale, patha milungu isanu, ndabwera kudzakuuzani. Ndinapita kukiliniki, ndinakhala pabenchi maulendo atatu. Agogowo anandithandiza kuona kuti zinayamba mwezi womwe amayi anga anagonekedwa ku Ntcheu ine ndikulephera kupita. Sindinaziphatikizepo ndi kale lonse. Achipatala andilemberanso kalata yokaonana ndi katswiri, tsiku langa ndi mwezi wamawa.

Podikira ndinayamba makwerero aja. Masiku anayi ndinkangoima pasiteji, mahwindi, anyamata oitanira anthu aja, mpaka anayamba kundifunsa ngati ndikudikira munthu. Kenako ndinakwera masiteji awiri ndi achemwali anga. Lachiwiri lapitali ndinakwera ndekha. Titafika pakati zinabwera, zonse, dzanzi ndi kubanika. Pakamwa panatsala pang'ono kukuwa. Ndinagwira mpando wakutsogolo n'kumadziuza kuti njoka palibe. Ndinayang'ana wotchi ya pafoni, zinatenga mphindi 7 kuti ziyambe kutsika. Ndinatsika pamalo amene ndinakonza, miyendo ikunjenjemera, ndinakhala pamwala n'kulira.

Lachinayi ndinalephera. Ndinafika pasiteji n'kubwerera kunyumba. Botolo la madzi ndikadayenda nalo, ndipo mpando wakumbuyo sindinauyese.

Mphunzitsi_Highfield
Mphindi 7 zimenezo muzilembe m'kope ndi tsiku lake. Za Lachinayi zimachitika, inenso ndinabwererapo pakhomo la kalasi. Mawa mubwereze gawo lomwe munakwanitsa Lachiwiri, musadumphe. Botolo mudzalisiya mukakaonana ndi katswiri.

MayiWaAtatu_Kuwadzana
Ndakondwa nanu mayi. Mukakaonana nawo, akayamba ndi fomu musanamalize kuyankhula, muwauze. Ine ndinangokhala chete n'kusiya.

AbitiWaEpworth
Mayi NaPhiri, Loweruka ndikupita ku Mbare kukagula sopo wa ntchito. Ngati mwakonzeka, kwerani yanu ya ku Mufakose, ine ndikakudikirani potsikira kuyambira 7 koloko. Ngati simunafike pamenepo, ndiuzeni, ndibwera kwanuko tidzakwere limodzi masiteji awiri aja.

NaPhiri_Mufakose
Ku Mbare sindinafike, achemwali. Bwerani kuno. Ndikutumizirani nambala kumbali.